Kukonzanso makamera achitetezo pa nyumba ina ku Area 25, Lilongwe

Nyumbayi ndi ya zipinda zogona zitatu, pa puloti ya mamita 30 mulitali ndi mamita 25 mulifupi. Mpanda ndi wa njerwa, wotalika mamita 2.4, ndipo pamwamba pake pamadutsa waya wamagetsi. Geti lalikulu linayang'ana kum'mawa. Pambali pake pali kageti ka anthu oyenda pansi ndi kanyumba ka mlonda. Kuseri kuli nyumba ya antchito, thanki ya madzi ndi mtengo waukulu wa mango.

Makamera analipo kale, anayi, a mtundu wakale uja wolumikizidwa ndi waya wa coaxial kupita ku DVR, makina osunga zojambulidwa. Eni nyumba anafuna thandizo akuba atalowa usiku wina n'kutenga batire la galimoto ndi silinda ya gasi. Atapita kukatsegula zojambulidwa kuti akapereke kupolisi, anapeza kuti palibe chogwirika. Pempho lawo kwa ife amisiri linali loti tiike makamera a mamegapikiselo ambiri, kutanthauza timadontho tochuluka topanga chithunzi. Titayendera malowo zinaoneka kuti mamegapikiselo anali vuto laling'ono kwambiri pa mavuto onse amene analipo.

Zomwe zinapezeka pa makina akale

DVR inali pansi pa TV pabalaza, yolumikizidwa ku soketi ya pakhoma popanda batire lililonse. Magetsi akazima, kujambula kumathera pomwepo. Usiku wakubawo magetsi anazima kwa maola pafupifupi anayi, ndipo zojambulidwa zinaduka nthawi yomweyo. Kabatire kakang'ono kozungulira kamene kamasunga wotchi mkati mwa DVR kanali katatha, choncho magetsi akabwera tsiku ndi nthawi zimabwerera kumbuyo zaka zambiri. Ngakhale pakanakhala chithunzi chabwino, kupeza usiku woyenera kukanakhala kovuta, ndipo kanema wolembedwa tsiku lolakwika ndi wosavuta kumutsutsa pamlandu.

Makamera awiri akutali amazima n'kuyakanso okha kukangoda. Masana amaoneka bwinobwino, n'chifukwa chake palibe anazindikira. Gwero lake linali waya. Onse anayi amadya magetsi a 12V kuchokera ku adaputa imodzi ya pabalaza, kudzera pa waya woonda wa aluminiyamu wongokutidwa mkuwa pamwamba, umene amisiri amautchula CCA. Waya wa kamera ya pageti unali wotalika mamita 45. Masana choyezera magetsi chimawerenga 11.3V pakamerapo. Kukada, timanyali ta infrared tothandiza kamera kuona mumdima tikayaka, kamera imakoka magetsi ochuluka ndipo mphamvu imatsika mpaka 9.6V. Imazima, imayakanso, timanyali tiyakanso, izimanso, usiku wonse. Waya wa CCA sauvuta kuuzindikira: mukaupala ndi mpeni mkati mumaoneka moyera, ndipo mukauwotcha ndi machesi umapindika n'kufumbutuka, pamene wa mkuwa weniweni umangofiira.

Chomaliza chinali kaikidwe. Makamera onse anakhomedwa pansi pa denga penipeni, mamita oposa anayi kuchokera pansi, poopa kuti angabedwe. Pamenepo kamera imaona pamutu pa munthu, ndipo wovala chipewa saoneka nkhope ngakhale pang'ono. Kamera imodzi inali pafupi kwambiri ndi khoma loyera, moti kuwala kwa infrared kumabwerera m'lenzi, theka la chithunzi kuyera mbee, theka linalo mdima. Pa chithunzi cha kamera ya kuseri pamadutsanso kamzere pafupifupi sekondi iliyonse, chifukwa waya wake anaumangirira limodzi ndi waya wochokera ku makina a mpanda wamagetsi.

Kusankha lenzi poyeza mtunda

Funso loyamba pa kamera iliyonse ndi lakuti: ikufunika kuonetsa kuti pali munthu, kapena kuonetsa kuti munthuyo ndi ndani? Ntchito ziwirizi zimafuna makamera osiyana. Muyezo wa makamera achitetezo wa IEC 62676-4, wa chaka cha 2014, unapereka manambala ogwiritsa ntchito. Kuti muzindikire nkhope ya munthu wachilendo pamafunika mapikiselo 250 pa mita imodzi ya malo ojambulidwa. Kuti muzindikire munthu amene mumamudziwa kale, 125. Kungoona kuti pakuyenda munthu, 25 akwana.

Kamera ya mamegapikiselo anayi (4MP) imakhala ndi mapikiselo pafupifupi 2,560 chopingasa. Kugawa ndi 250, tikupeza kuti malo ojambulidwa asapitirire mamita 10 mulifupi ngati tikufuna nkhope. Lenzi ya 2.8mm, imene imabwera ndi makamera ambiri ogulitsidwa m'bokosi limodzi, imatambasuka madigiri pafupifupi 100, ndiye imafika pa mamita 10 aja pa mtunda wa mamita anayi okha kuchokera pakamera. Kupitirira apo nkhope imayamba kusungunuka. Lenzi ya 4mm imafika pa mamita 6, ya 6mm pa mamita 10 kapena kupitirirako pang'ono. Manambalawa amasinthako malinga ndi kamera, koma osati kwambiri.

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Amakonda lenzi yotambasuka chifukwa pa TV bwalo lonse limaoneka, koma tsiku lofuna nkhope amangopeza kachithunzithunzi ka munthu. Kamera ya 8MP yotchipa siithetsa vutoli usiku. Mapikiselo ochuluka akapanikizana pa sensa yaing'ono, lililonse limalandira kuwala kochepa, ndipo chithunzi chausiku chimatuluka chamchengamchenga.

Tinagwirizana pa makamera 6 a IP, otumiza zithunzi kudzera pa netiweki, onse a 4MP, olandira magetsi kudzera pa waya wa netiweki womwewo, njira yotchedwa PoE, ndiponso osalowa fumbi ndi madzi pa muyezo wa IP67. Pakageti tinaika ya 6mm, pakhoma la kanyumba ka mlonda, mamita 2.5 kuchokera pansi, yoyang'ana malo amene munthu aliyense amaima potsegula. Ina ya 4mm inayang'ana geti lalikulu ndi poimika galimoto. Pa khomo lakumaso ndi khomo la kukhitchini tinaika za 2.8mm, poti apo munthu amafika pafupi. Ziwiri za 4mm zinatsata mpanda, imodzi m'mbali mwa nyumba, ina kuseri, ndipo tinaziika moti iliyonse ikuona pansi pa inzake. Wofuna kuphimba kamera imodzi amajambulidwa ndi ina.

Poti geti linayang'ana kum'mawa, m'mawa dzuwa limakhala kumbuyo kwa munthu wolowa, nkhope n'kuda bii. Makamera awiri a pageti tinasankha okhala ndi WDR yeniyeni ya 120dB, luso loonetsa bwino malo owala ndi amdima pa chithunzi chimodzi. Ija yolembedwa kuti DWDR ndi yongokometsera chithunzi ndipo pa dzuwa lotere siithandiza kwenikweni.

NVR, makina osunga zojambulidwa amene analowa m'malo mwa DVR, ndi ya mipata 8 ya PoE, kusiya iwiri yoonjezera mtsogolo. Mitundu imene imapezeka kwambiri m'masitolo a ku Lilongwe ndi Blantyre ndi Hikvision ndi Dahua. Chofunika si dzina kwenikweni, koma kuti makamera ndi NVR zikhale za kampani imodzi. Zosakaniza zimatha kulumikizana kudzera pa ONVIF, njira yogwirizanitsa makina a makampani osiyana, koma zinthu monga kusiyanitsa munthu ndi galu kawirikawiri zimakana kugwira. Makamera a Wi-Fi sitinawaganizire. Makoma a njerwa ndi malata zimafooketsa netiweki, ndipo kamera yotere imafunabe waya wa magetsi, ndiye kukoka waya sikupeweka.

Magetsi

Gawo ili ndi limene linatenga ndalama zoposa zimene eni nyumba amayembekezera, ndipo ndi limene sitinalole kuchepetsa. Kamera iliyonse imadya mawati 6 kapena 7 usiku, zonse pamodzi pafupifupi 40. NVR ndi disiki yake ndi mawati 15, rauta 8. Kuphatikiza zonse ndi zimene zimatayika mu inveta, tinawerengera mawati 80.

Ka UPS, kabokosi kosunga magetsi ka kompyuta, ka 650VA, kamene ambiri amathamangira, kamakhala ndi batire la 12V 7Ah. Mphamvu yake yonse ndi mawati 84 kwa ola limodzi, ndipo yonseyo siituluka. Pa katundu wa mawati 80 sikafika ola. Batire wamba la 100Ah limasunga pafupifupi 1,200Wh, kutanthauza mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma likamatsitsidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku limafa msanga, choncho zogwiritsa ntchito ndi 600Wh, maola 7 ndi theka. La lithiamu la mtundu wa LiFePO4 la 100Ah limapereka 1,000Wh mosavuta, kutanthauza maola oposa 12, ndiponso limadzaza msanga magetsi akabwera kwa kanthawi kochepa. Tinaika la lithiamu, ndi inveta yaing'ono ya pure sine wave yokhala ndi chaja yake, yosintha msanga moti NVR siizima magetsi akamachoka.

Panyumbapo panali kale inveta ina yoyatsira nyali, TV ndi furiji. Eni nyumba anafunsa ngati makamera sangangolumikizidwa pomwepo. Tinakana. Batire limenelo limakhala litatha pofika pakati pa usiku, nthawi imene makamera akufunika kwambiri. Makamera ali ndi batire lawolawo, ndipo soketi yake ili mkati mwa bokosi lokhoma kuti wina asatchajirepo foni kapena kulumikizapo ayironi.

Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mphenzi imaononga makina ambiri otere. Siichita kufunika kumenya nyumba. Ikagwa pafupi, waya wautali wapanja umatola mphamvu n'kuipititsa ku NVR, kawirikawiri kuwotcha mpata umodzi kapena iwiri ya PoE. Pa mawaya a pageti ndi a kuseri tinaika zotchinjiriza mphamvu ya mphenzi za PoE mbali zonse ziwiri. Chotchinjiriza chopanda waya wa earth ndi chokongoletsera chabe. Zonse zinalumikizidwa ku earth ya nyumba, itayezedwa kaye, ndipo mmisiri wa magetsi wa chiphaso cha MERA anaika chotchinjiriza cha Type 2 m'bokosi lalikulu la magetsi.

Kukoka mawaya

Tinagwiritsa ntchito waya wa netiweki wa Cat6 wa mkuwa weniweni, bokosi limodzi la mamita 305, ndipo linatsalako pang'ono. Waya wautali kwambiri unali wa mamita 52, kutali ndi malire a mamita 100 amene Ethernet imalola. Pa PoE magetsi amayenda pa 48V, choncho kutsika kwa mphamvu kuja sikuvutanso pa mitunda yotere, bola waya akhale wa mkuwa.

Waya aliyense ali m'paipi ya PVC, 20mm pakhoma ndi m'denga, 25mm pansi pa nthaka. M'denga makoswe amatafuna waya wosatetezedwa, ndipo panja dzuwa limaumitsa chikopa chake mpaka kung'ambika. Wopita kugeti tinaukwirira masentimita 40, tinayala mchenga pansi ndi pamwamba pa paipi, kenako njerwa pamwamba kuti khasu la wolima maluwa likumane ndi njerwa lisanafike pa paipi. M'paipi yapansi madzi amalowa ndithu pakapita nthawi, ndiye gawo limenelo ndi la waya wopangidwira panja, ndipo mulibe polumikiza paliponse.

Tinasiya mpata wosachepera masentimita 30 pakati pa mawaya a makamera ndi a magetsi a 230V, ndi mita yathunthu kuchokera ku waya wa mpanda wamagetsi. Pamene kudutsana sikukanapeweka, anadutsana mopingasa, osayenda limodzi.

Malo amene amafa msanga pa kamera yapanja ndi polumikizira RJ45, mutu wa waya wa netiweki. Madzi akangolowa, magetsi a PoE amadya timano tamkuwa tija mpaka kubiriwira. Kamera iliyonse tinaikhazika pa bokosi lake, polumikizira pali mkati, ndi kachivindikiro kamene kamabwera ndi kamera katamangidwa bwino. Waya amalowa m'bokosi kuchokera pansi, atapindidwa kaye ngati chilembo U kuti madzi otsetsereka azidontha asanafike pabowo. Mitu yonse inamangidwa pa dongosolo la T568B, ndipo waya aliyense anayezedwa ndi kulembedwa nambala mbali zonse tisanakhome kamera.

NVR sinabwerere pansi pa TV, pamene wakuba aliyense amayambira kuyang'ana. Ili m'bokosi lachitsulo lokhoma, lokhala ndi mabowo a mpweya, m'kachipinda kosungiramo katundu. Eni nyumba anaganiza zoibisa m'denga. Pansi pa malata mwezi wa Okutobala kutentha kumafupikitsa moyo wa disiki ndi batire, ndipo chinthu chovuta kuchifikira palibe amachiyendera. M'makamera awiri a pageti tinaikamonso makhadi a microSD a 128GB, a mtundu wopirira kulembedwa kosalekeza, kuti NVR itabedwa pakhale potsalira.

Disiki ndi kutchera makina

Kamera ya 4MP pa H.265, njira yopanikizira kanema, tinaitchera pa 3Mbps ndi zithunzi 15 pa sekondi. Imeneyo ndi 32GB pa tsiku, makamera 6 pafupifupi 195GB. Disiki ya 4TB, imene malo ake enieni ndi ocheperako, imasunga masiku 18 kapena 19. Ndi disiki yopangidwira makamera, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk. Ya kompyuta wamba siinapangidwe kuti izilemba usana ndi usiku. Tinasankha kujambula kosalekeza. Kujambula pokhapokha pakayenda chinthu kumasunga malo, koma nthawi zina kumayamba mochedwa, munthu atadutsa kale.

Makamera ambiri akafika usiku amachedwetsa shata, kutanthauza kutalikitsa nthawi imene sensa imalandira kuwala, kuti chithunzi chiwale. Bwalo lopanda munthu limaoneka lokongola, koma munthu akangoyenda nkhope imapakika. Pakageti tinaletsa shata kuchedwa kuposa 1/100 ya sekondi. Chithunzi chinadako, ndiye tinaonjezera nyali ya LED ya mawati 10 pamwamba pa kageti, yowalira nkhope ya wolowa, osati kamera, yolumikizidwa ku batire la makamera. Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo kumachitika usiku: munthu avale chipewa, adutse mofulumira pamalo aliwonse, kenako muimitse kanema n'kuona ngati mungamuzindikire. Kamera ya khomo la kukhitchini inalephera mayesowa ndipo tinaitsitsa masentimita 40. Makamera onse ali pa 50Hz, mofanana ndi magetsi a m'Malawi, kuti nyali zisamaphethire pa chithunzi.

Wotchi ili pa UTC+2 ndipo imadzikonza yokha kudzera pa intaneti. Mauthenga opita pafoni tinawatchera kuti azibwera munthu akadutsa mzere wotsata mpanda, kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa basi. Foni ikamalira ndi galu aliyense komanso tsamba lililonse la mango, pakatha sabata mwini wake amazimitsa mauthenga onse.

Kuonera pafoni

Intaneti ya panyumbapo ndi ya rauta ya 4G. Pa netiweki za mafoni monga za TNM ndi Airtel, makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi ya IP, choncho kutsegula ma port pa rauta, njira yofikira NVR muli kutali, nthawi zambiri sikugwira. Njira yake ndi P2P, kulumikiza foni ndi NVR kudzera pa pulogalamu ya kampani yopanga makinawo, Hik-Connect kwa Hikvision kapena DMSS kwa Dahua. Kujambula sikudalira intaneti. Bandulo ikatha, NVR imapitiriza ntchito, chimene chimaima ndi kuonera kutali ndi mauthenga.

Kuonera kamera imodzi pa chithunzi chochepa cha 512kbps kumadya 230MB pa ola. Pa chithunzi chachikulu cha 3Mbps ndi 1.3GB pa ola, ndipo imeneyo imachoka mbali ziwiri, pa rauta ya kunyumba ndi pafoni ya woonerayo. Amene amasiya makamera onse ali chitsegulire pa desiki ku ofesi amadabwa bandulo ya mwezi ikatha m'masiku ochepa.

Akaunti inatsegulidwa pa foni ndi imelo ya eni nyumba, iwo eni akulemba pasiwedi. Makinawa amamangiririka ku akaunti imodzi, ndipo ikakhala ya mmisiri, iye amatha kuona m'nyumba mwanu nthawi iliyonse, komanso tsiku limene mwasiyana naye kuwamasula kumavuta. Pa chifukwa chomwechi, NVR yogula kwa munthu iyenera kumasulidwa ku akaunti yakale musanalipire. UPnP, imene imatsegula ma port yokha, tinaizimitsa pa rauta ndi pa NVR. Mlonda ali ndi sikirini yaing'ono m'kanyumba kake, pa akaunti yongoonera makamera a panja, yosatha kufufuta kapena kusintha kanthu.

Kamera ya m'mbali imagwirako zenera la nyumba yoyandikana nayo, ndipo gawo limenelo tinaliphimba m'makina kuti lisajambulidwe. Ya kuseri siiyang'ana khomo la nyumba ya antchito kapena bafa lawo. Antchito onse anauzidwa pamene pali makamera, ndipo kujambula mawu tinakuzimitsa. Tisanachoke, mayi ndi bambo a panyumbapo anayesa okha kufufuza ola linalake n'kukopera kanema pa fulashi. Ndi ntchito imene munthu sayenera kuiphunzira m'mawa woti wangoberedwa.

Mvula yoyamba itagwa

Ulendo woyendera makinawa unachitika mu Disembala. Batire linali litanyamula maulendo onse amene magetsi anazima, ndipo pa zojambulidwa panalibe podukiza. Mavuto amene anapezeka anali atatu.

Kamera ya m'mbali imaduka n'kubweranso. Opaka penti anatsegula bokosi lake n'kulisiya losamanga, madzi analowa, timano ta RJ45 tinabiriwira. Tinadula mutuwo, kumanga watsopano, kupukuta polumikizira pa kamera ndi mankhwala otsukira zamagetsi, ndipo inabwerera.

Kamera ya kuseri usiku imangoonetsa ulusi woyera ukugwedezeka. Tizilombo timaunjikana pakamera, kangaude n'kumanga ukonde pamaso pa lenzi, ndipo ulusi umodzi wokha ukawalidwa ndi infrared pafupi chotero umaphimba chithunzi chonse. Tinazimitsa infrared ya m'kameramo n'kuika nyali ya infrared yapadera mita imodzi ndi theka pambali. Mlonda anapatsidwa burashi yofewa ya mpini wautali yoti azipukutira makamera onse kamodzi pa sabata. Usiku wa ngumbi palibe chochita: zimadzaza pa nyali ya pakageti kwa ola limodzi kapena awiri, chithunzi chimasokonekera, kenako zimatha zokha.

Chachitatu ndi mtengo wa mango, umene nthambi zake zinalemera n'kutsika mpaka kuphimba ngodya ya kumpoto ya mpanda. Nthambi ziwiri zinadulidwa.

Chimene sichinatheke ndi kuwerenga nambala za galimoto usiku. Masana kamera ya 4mm imaziwerenga galimoto ikaima pageti. Usiku nyali za galimoto zimaithobwa, ndipo nambala yonyezimira imabweza infrared n'kungooneka yoyera. Pamafunika kamera yakeyake ya lenzi yaitali ndi shata yothamanga, 1/500 kapena kuposa, imene usiku siionetsa china chilichonse kupatula nambalayo. Eni nyumba anasankha kudikira kaye. Paipi ya kugeti ili ndi chingwe chokokera chimene tinasiyamo, ndipo mpata wa nambala 7 pa NVR ndi wa kamera imeneyo.